Maliro Opanda Nyimbo ku Kawale

Ku Kawale ukanafunsa za Elube wosoka zovala, aliyense akanakulozera khonde la pafupi ndi mpopi, pomwe makina ake ankalira kuyambira m'mawa. Anali mayi wa ku Ntcheu, wamfupi, wosachedwa kuyankha, ndipo mwa amayi onse a mumpingo mwawo panalibe wodziwa kuyambitsa nyimbo ya maliro ngati iyeyo. Zovuta zikagwa ku Biwi kaya ku Chilinde, ankasiya diresi la mwini lili theka, n'kuvala bulauzi yoyera, ulendo. Anaperekeza anthu ambirimbiri ndi mawu akewo. Koma m'nyumba mwake momwe munali munthu amene sakanaloledwa kumuyimbira, ndipo nkhaniyi inkamudya ngati chiswe.

Munthuyo anali mwamuna wake, Medson. Ankagwira ntchito m'chipinda cha sayansi pa sekondale ina, kutsuka timabotolo ndi kukonzera ana zoyesera. Kutchalitchi anasiya kalekale, koma nthawi ya chipani chimodzi ankangoti mutu ukuwawa. Matipate atabwera, aliyense n'kuyamba kuyankhula zakukhosi, nayenso anatulutsa zake: Mulungu kulibe. Ananena akusenda mbatata, ngati akunena za mtengo wa sopo!

Lamulo la mpingo wawo linali lodziwika. Munthu amene anatuluka osabwereranso, mpingo suyimba pa maliro ake. Anthu amabwera, amakhala, amalira, koma nyimbo ayi, yunifolomu ayi. Elube anali ataonapo maliro otero, kumanda kumangomveka makasu ndi anthu akutsokomola. Analumbira kuti mwamuna wake sadzapita choncho.

Ndiye anayamba kumusakira mayankho. Lamulungu lililonse ankapanikiza a Anock, mkulu wa mpingo, n'kubwera nazo kunyumba zikadali zotentha.

"Abambo a Lydia, makina angawa anadzipanga okha?"

"Ayi, anapangidwa ndi anthu kufakitale. Nanga amene mukuti anapanga anthuyo, anamupanga ndani?"

Sabata yotsatira anabwera nalo yankho: Mulungu alibe chiyambi. Medson anangoti, "Ndiye bwanji osangoti dziko ndi limene lilibe chiyambi, tonse tipume?" Tsiku limenelo ndiwo zinapserera, ndipo Elube sanapepese.

Chaka china mvula itachedwa, mpingo unasala kudya, Lachitatu n'kugwa chimvula. Elube analowa ali chinyowere, mtima uli m'mwamba. "Mwaona?" Medson anati a zanyengo ananena kale pa wailesi kuti ikubwera. "Nanga mitamboyo imamvera wailesi? Iwo aja amangoona, wotumiza ndi wina!" Limeneli silinali la a Anock, linali lakelake. Medson anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kuvomera kuti wamugwira pang'ono. Koma Lamulungu litafika anakhala pakhonde, akukonza njinga.

Chowawa kwambiri chinali cha makhalidwe. Elube atati popanda Mulungu munthu ndi chilombo, Medson anafunsa mofatsa, "Ndinakumenyanipo? Ndinagonapo kunja?" Ha, munthu uyu! Sankamwa, sankasuta, mwana wawo Lydia ankamusambitsa yekha mkazi akapita kumaliro. Nthawi zina Elube ankasirira mnzake Agatha, amene mwamuna wake anali chidakwa chotheratu, koma chaka chilichonse pa Pasaka ankalira kutsogolo kwa mpingo n'kubwezeretsedwa. Chidakwa umadziwa pochigwira. Nanga munthu wabwino wokana Mulungu umuyambira pati?

"Ubwino wanuwo munautola kuti?" anamukalipira tsiku lina. "Si amayi anu anakulerani ndi Baibulo? Mango mukudya, mtengo mukuukana!"

Medson anati, "Mwina." Basi, mwina. Elube anafuna kumugenda ndi sizasi.

Mu 1997 Medson anadwala chifuwa chachikulu. Anagona kuchipatala, n'kubwerako malaya akumulendewera, ndipo aliyense woona anadziwa kumene zikupita. Apa Elube anasiya mikangano, anayamba kupempha. Akuluakulu a mpingo abwera, adzafunsa funso limodzi lokha, ngati akukhulupirira ndipo akufuna kubwerera. Angoti eya.

"Liwu limodzi, abambo a Lydia. Silikuthyolani mano."

"Mukufuna ndiname?"

"Namani! Anthu amanamira zinthu zopanda pake tsiku ndi tsiku. Ine ndayimbira Kawale yense, mwamuna wanga yekha apite ngati galu?"

Atatero anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Loweruka masana a Anock anafika ndi mkulu mnzawo. Anakhala pa timipando pafupi ndi mphasa ya wodwalayo, ndipo a Anock anafunsa funso lija pang'onopang'ono. Medson sanawayang'ane. Anayang'ana mkazi wake, amene anali atakhala pakhomo, nthawi yaitali ndithu.

"Eya," anatero. "Ndikukhulupirira."

A Anock anati ameni mosangalala, n'kuyamba kutsegula Baibulo. Elube anayenera kululutira. Si zimene wakhala akulirira zaka zonsezi? Koma nkhope imeneyo ankaidziwa. Munthu amene sanamunamizepo ngakhale pa kanthu kakang'ono anali atanama tsopano, pamaso pa Mulungu, ndipo womutuma anali iyeyo.

"Akunama," anatero Elube.

"Mayi, mwati bwanji?" anafunsa a Anock.

"Akunenera ine. Sakhulupirira ayi. Mulungu amene ndimamuyimbira si mwana woti tizimupusitsa. Apempherereni ngati wodwala, koma musawalembe m'buku la mpingo."

Anatuluka n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene anamenya beseni theche mpaka linakagwera kwa aneba. Analira ndi ukali. Anakwiyira Medson ndi mutu wake woumawo, anakwiyira lamulo la mpingo, anadzikwiyira yekha, ndipo anafunsanso Mulungu kuti zaka zonsezi analephera bwanji kungomugwira munthu mmodzi paphewa.

Alendo atapita, Medson anati, "Amayi a Lydia, mwataya nyimbo zanu."

"Khalani chete, imwani phala. Ndikupemphereranibe mpaka mutope."

"Pempherani. Sindinakuletsenipo."

Anamwalira mwezi wa Juni, kukuzizira. Amayi a mpingo anabwera onse, atavala zitenje wamba. Anatunga madzi, anaphika, anakhala naye m'nyumba. A Anock ananyamula nawo bokosi, maso ali pansi. Koma nyimbo panalibe. Kumanda, dothi litayamba kugwera pa bokosi, nyimbo inakwera yokha pakhosi pa Elube monga mwa chizolowezi, ndipo analuma chitenje kuti isatuluke. Kunangomveka makasu.

Patapita milungu ingapo, mwamuna wa Agatha, chidakwa chija, anamwalira ali membala wabwinobwino. Anthu ankaganiza kuti Elube sapita, poti anali adakali wofedwa. Koma anasita bulauzi yoyera, n'kutsetserekera ku Biwi, akung'ung'udza njira yonse kuti dziko ili ndi lokhota. Atafika anakhala pamalo pake, n'kuyambitsa nyimbo. Anaiyamba mokweza kuposa masiku onse, maso atatseka, misozi ikutsikira m'khosi, ndipo itatha anaibwerezanso kuyambira pachiyambi. Amayi anzake anayang'anizana. Onse anadziwa amene ankamuyimbira, Agatha yemwe anadziwa, ndipo anavomereza nyimboyo mpaka kumapeto.