A Muhaniwa ndi Moto Umene Sunabuke

A Fackson Muhaniwa analowa ntchito pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa atangokwatira kumene mai Alesi. Kuthyola tiyi kunawakanika. Manja awo anali olemera, moti akati agwire nsonga ankabwera ndi nthambi yomwe. Kapitawo atatopa nawo anawapatsa chikwakwa ndi khasu n'kuwalozera kunkhalango ya bulugamu, kumene kumachokera nkhuni zoumitsira tiyi kufakitale.

"Kumeneko kathyoleni mmene mungathere," anatero kapitawoyo. "Koma moto usalowemo."

Mawu amenewo a Muhaniwa anawagwira ngati lamulo la m'Baibulo. Mvula ikangokata ankayamba kulambula mpata wozungulira nkhalango yonse, waukulu moti thirakitala ziwiri n'kupatukirana bwinobwino. Udzu ankaupalira mpaka dothi lofiira lioneke. Nthambi zam'munsi ankazisadza, makungwa ndi masamba ouma ankawakokolola n'kukaunjika kutali. Tsekera wa m'malire ndi midzi ankamutentha okha mu Juni, chiperoni chitangodutsa, udzu udakali ndi chinyezi, moto ukuyenda mwaulesi moti munthu n'kuupitirira akuyenda wapansi. Ikafika Okutobala osaka mbewa n'kuyatsa tchire, moto unkabwera ndi ukali wake wonse, kufika pampata paja, kupeza palibe chodya, n'kuzima wokha.

Anagwira choncho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anabereka ana, kuwaphunzitsa, kumera imvi. Nkhalango sinapsepo.

Ndiye kunabwera manijala watsopano, wa sukulu zake, wosasiyana ndi laputopu. Anaitanitsa malipoti a aliyense. La a Muhaniwa, limene kalaliki ankawalembera chaka ndi chaka, linali ndi mawu awiri okha: "Moto: palibe." Anawaitanitsa kuofesi.

"Madala, chaka chatha munazimitsa moto kangati?"

"Sindinazimitseko, bwana."

"Chaka chinacho?"

"Olo kamodzi."

"Chiyambireni ntchito?"

"Sunalowemo, bwana," anayankha a Muhaniwa, akupukutira dzanja pamalaya poyembekezera kuti bwanayo awagwira chanza.

Manijala anagwedeza mutu, akutayipa. "Ndiye kuti dera lino si la moto. Zaka zonsezi kampani yakhala ikusunga munthu wolondera chinthu chimene kulibe."

Mwezi womwewo anawapumitsa. Anawapatsa ambulera yolembedwa dzina la kampani, n'kuwauza kuti akapume bwino.

A Muhaniwa anabwerera kumudzi kwawo, cha ku Khonjeni. Mai Alesi ndi amene anatsegula nkhaniyo.

"Inunso bambo a Tamanda, mumachita kunyanya. Mukanamasiyako kangodya kamodzi kazipsa chaka chilichonse, bwenzi pano muli akapitawo."

"Ndizitentha mitengo dala?"

"Sindinati muzitentha. Ndati mukanamasiya. Bwana akanaona utsi akanadziwa kuti muli pantchito."

A Muhaniwa anatenga khasu n'kukalambula kuzungulira nkhokwe, khola la mbuzi, ndi bafa lomwe.

Kuesiteti udzu unayamba kubwerera pampata paja. Chaka choyamba unafika m'mawondo. Chachiwiri munthu ankabisalamo. A Muhaniwa akamadutsa pakabaza popita ku Makwasa ankayang'ana kumbali, mtima ukuwawa.

Chaka chachitatu, tsiku lina masana mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anaona utsi wakuda utakwera kumbali ya nkhalango. Anadziwiratu ngodya yake: ya kumtsinje, kumene mphepo imawomba mokwera phiri. Anatola khasu, kuimitsa kabaza, kuthamangira komweko. Pageti mlonda anawatsekereza.

"Pepani madala, atiuza kuti kulowa ndi ogwira ntchito okha. Mkatimu muli ngozi."

Anaima panja ndi khasu lawo mpaka moto unatopa wokha, utadya pafupifupi theka la nkhalango.

Mwa anthu amene analimbana ndi motowo munali Caleb, dalaivala wa thirakitala, amene anauthamangira ndi nthambi zaziwisi mpaka kupsa nsidze zonse. Kulimba mtima analimbadi, zimenezo a Muhaniwa sanatsutse. Kampani inachititsa mwambo. Caleb anapatsidwa satifiketi, chipewa chofiira ndi udindo wa mkulu woona za moto. Chithunzi chake, wopanda nsidze, anachipachika muofesi. Manijala polankhula anati esitetiyo sinakhalepo ndi munthu wodziwa moto ngati ameneyu.

Kenako anaitana katswiri wochokera ku Blantyre. Katswiriyo anakhala masiku atatu akuonetsa zithunzi pakhoma, anthu akumwa zoziziritsa kukhosi. Pomaliza anaulula chinsinsi: nkhalango imafunika chinthu chotchedwa fayabuleki, chimene ndi mpata wopanda udzu wozungulira mitengo. Onse anaomba m'manja. Funso linali loti mpatawo udutse pati, poti malire onse anali atamera thengo. Kalaliki wakale uja anakumbuka kuti ku Khonjeni kuli mdala wina amene mwina angadziwe.

Motero a Muhaniwa anabwerera kunkhalango kwawo ngati waganyu, pansi pa Caleb. Tsiku loyamba Caleb anatulutsa pepala la katswiri n'kuyamba kuwawerengera tanthauzo la fayabuleki. Iwo anamvetsera mwaulemu, atatsamira khasu. Atafika pakati, Caleb anayang'ana uku ndi uku, n'kupinda pepalalo.

"Madala, ine moto uja ndinauona pafupi, sindikufunanso. Ingopangani mmene munkapangira. Zolembazo ndisiyireni ine."

Anapanganadi choncho. A Muhaniwa analambula, kusadza, kutentha tsekera mu Juni. Mu Okutobala moto unabwera, kufika pampata, kuzima. Koma ulendo uno ukangozima, Caleb ankafika ndi foni, chipewa chofiira kumutu, kujambula phulusa, kujambulanso mitengo yobiriwira kuseri kwake. Lipoti la chaka chimenecho linali la masamba asanu ndi anayi, ndipo linati moto unaukira esiteti kakhumi ndi kawiri, koma maulendo onsewo unagonjetsedwa.

Manijala anasangalala kwambiri. Caleb anamutumiza kukaphunzitsa anthu a esiteti zina, ndipo amapitadi, atavala tayi. Akabwerako amawatengera a Muhaniwa buledi.

Iwo akadali komweko, msana utayamba kupindika. Chikwakwa amanola okha. Anthu akawafunsa ngati sizikuwapweteka, amati zinkawapweteka kale, pamene udzu unkamera iwo akuona. Chimene amadandaula masiku ano n'choti pojambula Caleb amawauza kuti asunthe pang'ono, akutchinga.