Mpando wa Miyendo Yaitali

Ululu unayambira m'mphechepeche, mbali ya kumanzere. Poyamba unkabwera m'mawa ndikamadzuka, ndikayenda pang'ono n'kuzizira. Ndinathyola tiyi kuesiteti kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi, dengu kumsana, kukwera ndi kutsika m'mizere, ndiye ndinkangoti ndi kutopa kwa zaka zimenezo. Nditapuma ntchito ndinachoka m'nyumba za kampani n'kudzakhala pamalo amene malemu amuna anga anandisiyira kufupi ndi Limbuli. Kuno ndiye ululu unakula. Ndinayamba kutsimphina, kenako kugwira ndodo, kenako ngakhale munda wa nandolo wa kuseri kwa nyumba unayamba kunditalikira.

Kuchipatala cha kuno anandijambula, n'kundiuza kuti fupa la pamene mwendo umalumikizana ndi chiuno ladyeka, ndipo mapiritsi sangalibwezeretse. Ananditumiza ku Blantyre. Mwana ndili naye mmodzi, Lonjezo, ndipo amakhala ku Joni. Ndiye anavutika pafoni mpaka dzina langa linalembedwa. Ndinadikira dzinja lonse. Mwezi wa Meyi anandichita opaleshoni, kuchotsa mutu wa fupa lodyekalo n'kuikapo chitsulo.

Gadiyani wanga m'chipatalamo anali amake Gilesi, mnzanga amene ndinathyola naye tiyi zaka zonsezo. Ankagona pansi pambali pa bedi langa, kundisambitsa, kundiphikira phala kukhitchini ya magadiyani, ndi kundiseka kuti tsopano ndasanduka njinga, ndiziyendera oyilo m'thumba. Tsiku lotuluka namwino anandiuza malamulo: "Amayi, pansi ayi. Pamphasa ayi, kugwada ayi, kunyonyomala ayi, kusanjikiza miyendo ayi. Muzikhala pampando woti maondo asapitirire chiuno. Mukapanda kumvera, chitsulochi chiguluka."

Ndinavomera ngati ndi zophweka. Koma walira mvula walira matope. Ululu wakale unachokadi, chokhacho sindinaganize kuti moyo wonse wa mayi wa kwathu kuno uli pansi. Timaphikira pansi, timasankhira nyemba pamphasa, timachezera pamphasa, akuluakulu timawalonjera titagwada, ndipo pamaliro mipando ndi ya azibambo. Kalipentala wa pa Limbuli anandikhomera mpando wa miyendo yaitali, wokhala ndi pogwira manja, ndi wina woboola pakati wa kuchimbudzi. Masiku oyamba amayi akumpingo ankabwera kudzandizonda. Iwo ankayala mphasa pakhonde, ine ndili pamwamba. Macheza sankayenda. Kuti andiyankhule ankachita kukweza khosi, ndipo posakhalitsa ankayamba kuyankhulana okhaokha m'munsimo, ine n'kumangoona mipango ya kumutu kwawo. Wina anandipatsa dzina loti akapitawo, ngati aja ankatiimirira kuesiteti. Ndinaseka nawo, koma zinandipweteka. Pang'onopang'ono obwera anachepa, kupatula amake Gilesi, amene ankakhala pachidebe chovundikira kuti tifananeko.

Mu Juni, chiperoni chitagwira phiri lonse, amake Gilesi anagwa kudimba kwawo. Akuti inali BP. Pofika nawo kuchipatala anali atatha kale.

Maliro n'kulirana, ndipo awa sanali maliro oti ndingatumize pepani. Ndinapita ndi ndodo zanga ziwiri, pang'onopang'ono. Nditafika, bambo wina wachifundo anandilozera mpando pansi pa mtengo pamene panakhala azibambo. Ndisanayankhe ndinamva kumbali ya amayi mawu otsika: "Akapitawo afika, apatseni mpando wawo." Ine ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Ndinalowa m'nyumba ya siwa, ndinasiya ndodo pakhoma, n'kutsikira pamphasa pafupi ndi mutu wa mnzanga. Kukhala kunatheka. Ndinamulira bwinobwino monga ayenera kuliridwa munthu amene anakutayira mikodzo m'chipatala. Koma itafika nthawi yoti tipereke malo kuti bokosi lituluke, ndinawerama kuti ndidzuke, ndipo m'chiunomu munamveka kuti gu.

Ndinakuwa. Koma pamaliro aliyense amakuwa. Amayi anandigwira mapewa n'kumati, "Pepani, limbani mtima, tonse ndi njira yomweyi." Ine ndikuti mwendo, mwendo, iwo akuyimba. Panapita nthawi kuti wina aone kuti mwendo wafupika ndipo phazi lapindikira m'kati. Mnzanga anapita kumanda ine ndili chigonere kumbuyo kwa galimoto ya matola. Sindinaponye dothi pamanda pake.

Ku Blantyre anandigoneka tulo n'kuyesa kukoka mwendo kuti chitsulo chibwerere m'malo mwake, koma chinakana. Anatsegulanso bala lomwe lija. Ulendo uno ndinalibe gadiyani. Magadiyani a odwala anzanga ankandithandiza akakumbukira, ndipo ndimawathokoza, koma munthu sungamaitane mwana wa eni nthawi iliyonse imene wafuna kutembenuka. Nthawi yoona odwala ikakwana, wodi yonse inkadzaza ndi mabasiketi ndi maphokoso, ine n'kuyang'ana kukhoma. Tsiku lina pokachita mafizo ndinaona bambo wina wa mwendo waufupi, nsapato yake ya chidendene chochindikala, akudzikoka ndi ndodo ziwiri. Anandiuza yekha kuti naye anali ndi chitsulo, koma bala linalowa matenda ndipo anachichotsa.

Ponditulutsa adokotala analemba tsiku lodzaonedwanso m'buku langa la kuchipatala, kumayambiriro kwa Ogasiti. Anati, "Bala lotsegulidwa kawiri limafuna kusamala. Mukaona madzi, kutupa kapena kutentha thupi, musadikire tsikuli, bwerani. Matenda akafika pachitsulo, nthawi zina timachichotsa." Pa mawu onsewo, ine ndinanyamula limodzi lomalizalo.

Kunyumba kunali zii. Ena ankachita manyazi kubwera, ena ndinamva kuti ankati ndinasokoneza maliro. Ulusi anandichotsa kuchipatala chaching'ono cha kufupi kuno, bala likuoneka bwino. Patangopita masiku ochepa, kumunsi kwa balako kunayamba kunyowa. Poyamba anali madzi achikasu, kenako anakhuthala. Khungu lozungulira linafiira ndipo linkatentha ndikaligwira. Madzulo ndinkamva tsembwe ndi kuzizidwa, koma ndinkanamizira chiperoni. Ndinang'amba chitenje chakale kukhala tinsanza, n'kumatsuka bala ndi madzi amchere, kumanga, kuchapa, kuyanika. Lonjezo akaimba foni ndinkati, "Ndili bwino, mwanawe, usadandaule." Munthu ali kutali choncho, ndikanamuuza akanatani?

Tsiku lokaonedwanso lija likamayandikira, mantha ankakula. Chakudya chinasiya kulowa. Ndinkakhala pampando wanga pakhonde kuyambira m'mawa, n'kumaona m'maganizo mwanga adokotala akumasula nsanza, akupukusa mutu, akuitana anzawo. Ndinkaona nsapato ya bambo uja. Ndinkadzifunsa kuti ndi mwendo waufupi, m'nyumba ya ndekha, madzi adzanditungira ndani. Ndinkadziuza kuti malinga sindinapite, palibe wanena kuti achichotse, ndiye kuti chitsulo chikadali changa. Nzeru zake n'zopusa, ndikudziwa, koma munthu ukakhala wekha palibe wokutsutsa, ndipo bodza lako lomwe limayamba kumveka ngati malangizo. Sabata ya tsikulo itafika, ndinali nditatsimikiza kuti sindipita.

Kuseri kwa mpanda wanga kumakhala Abiti Saidi, mayi wachisilamu wogulitsa tomato pamsika. Zaka zonsezi tinkangopatsana moni. Masana ena anaima pampanda, maso ali pachingwe changa.

"Anzathu, tinsanza timeneti tsiku ndi tsiku? Msinkhu wochapa zimenezi munadutsa kalekale inu. Mukubisa chiyani?"

Ndinati si kanthu. Anazungulira mpanda, analowa, n'kunena kuti ndimuonetse. Anamasula nsanza n'kuyang'ana bala. Anafunsa tsiku langa lobwerera kuchipatala, ndipo nditamuuza kuti ndi mkucha koma sindikupita, anandiyang'ana ngati mwana wakuba shuga.

"Mupita. Ine mpunga wa pamaliro a mnansi sindikuufuna chaka chino."

Tsikulo anandiperekeza mpaka pamsewu. Anakangana ndi kondakitala mpaka anandipatsa mpando wakutsogolo, woti ndingatambasule mwendo. Kupita nane sakanatha, chifukwa linali tsiku la msika ndipo amuna ake ndi odwaladwala. Minibasi itanyamuka ndinamuona akubwerera, dengu la tomato pamutu. Tinadutsa minda ya tiyi imene ndinakulira, othyola ali m'mizere, ndipo ndinalakalaka galimoto itawonongeka panjira.

Kuchipatala mabenchi odikirira ndi aafupi, ndiye ndinaima motsamira khoma m'mawa wonse. Aliyense anali ndi womugwirira chikwama, womugulira nthochi, womusungira malo pamzere akapita kuchimbudzi. Namwino wolandira mabuku anafunsa kuti ndabwera ndi ndani. Ndinati ndekha. Anandiyang'ana pang'ono, n'kulemba. Ananditenga magazi, anandijambula, ndinabwereranso pakhoma langa. Dzina langa litaitanidwa, ndinatenga ndodo zanga n'kulowa.

Adokotala anamasula nsanza ya chitenje ija. Anasindikiza m'mbali mwa bala, mafinya anatuluka. Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali. Atafunsa kuti zinayamba liti, ndinawauza zoona.

"Mwachedwa, amayi, koma mwina simunachedweretu. Chitsulo chikadali cholimba pamalo pake. Mawa tikakutsukani ku fiyeta, kenako mankhwala amphamvu kwa nthawi yaitali. Sindikulonjezani. Mukanakhalanso sabata ina kunyumba, bwenzi tikukamba zina."

Ndinalira pamenepo, ndipo sikunali kulira kwa mantha. Nkhani imene ndinaisenza ndekha masiku onse aja inali tsopano m'manja mwa munthu wina, ndipo ndinamva kupepuka.

Anatsegula bala kachitatu n'kulitsuka mpaka m'kati. Ndinakhala m'wodi masabata angapo ndikulandira mankhwala a m'mitsempha, mpaka manja onse anatupa ndipo anamwino ankachita kusaka pobaya. Kutentha thupi kunasiya m'sabata yoyamba. Bala linauma pang'onopang'ono, kuyambira kumtunda. Nditatuluka ndinapitiriza mapiritsi miyezi ingapo, ondinyansitsa m'kamwa ndi kunditsegula m'mimba, koma sindinadumphitse. Ndinkabwerera ku Blantyre kukayezetsa magazi, ndipo sindinama, ulendo uliwonse mantha ankabweranso ngati poyamba. Kusiyana kwake n'kwakuti ndinkapita nawo mantha omwewo. Mvula yoyamba itagwa, adokotala anati magazi ayera ndipo chitsulo chikhala. Anawonjezera kuti popeza chinagulukapo kale, za pansi ndiiwale mpaka kalekale.

Lero ndimayenda ndi ndodo imodzi. Ndimapalira nandolo ndi khasu la mpini wautali, mbaula ndinaikweza panjerwa. Chiperoni chikabwera mwendo umandikumbutsa kuti muli chitsulo, koma bala ndi louma. Ndimapitabe kukaonedwa tsiku likakwana. Nyumba ikadali ya zii, Lonjezo akadali ku Joni, ndipo chidebe chimene ankakhalira amake Gilesi chikadali pakhonde. Abiti Saidi akamadutsa amayamba wayang'ana pachingwe changa asanandipatse moni.

Mwezi wathawu kunagwa maliro ena m'mudzi muno, oyamba kupitako chichokereni tsiku lija. Ndinaitana wa kabaza, anamanga mpando wanga kumbuyo kwa njinga, ine ndikutsatira wapansi. Nditafika sindinayang'ane kumtengo wa azibambo. Ndinauza mnyamatayo kuti auike pakati pa amayi. Kunong'ona kunayamba, ndipo dzina lija linatuluka. Ndinati, "Ee, akapitawo afika, tasunthani." Anasuntha, ena monyinyirika. Nyimbo zili m'kati, Gilesi, mwana wa malemu mnzanga, anachoka pamene anakhala, anabwera kudzakhala pansi kutsogolo kwanga, n'kutsamira msana wake pamwendo wanga wabwinowo. Anakhala choncho mpaka bokosi linatuluka, ndipo mwendo unachita dzanzi koma sindinausunthe.

Kwa inu amene muli ndi bala la opaleshoni, ndikuti pakadafunda padajiwitsa. Mukaona kunyowa, kufiira kapena kutentha thupi, musang'ambe chitenje ngati ine. Pitani tsiku lomwelo, ngakhale tsiku lolembedwa lisanakwane, ngakhale mulibe wokuperekezani. Chimene mukuopa kuti adokotala akanena chimakula mukamakhala kunyumba. Malamulo amene akupatsani asungeni, ngakhale anthu akupatseni dzina. Ndipo inu amayi anzanga, mnzanu akafika pamaliro ndi mpando wake, musamufunse kuti wakhala bwana liti. Kokani mphasa, mumupatse malo pakati panu.