Apongozi Anga ndi Boti la ku Paddington

Tsiku limenelo tinalipo anthu anayi: ine, mwana wanga amene ndi nesi ku Romford, mkazi wake amene ndi apongozi anga, ndi mayi awo a apongoziwo, asewere anga, amene anachoka ku Malawi kalekale amuna awo atayambana ndi boma. Ndikutchula onse chifukwa nkhaniyi inafika kale kumudzi, ndipo kumeneko akuti panabwera apolisi. Bodza limenelo.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ulemu ndimaudziwa. Kwathu ku Chikwawa apongozi suwayang'ana m'maso, sudya nawo pamodzi, ukakumana nawo panjira umapatuka. Chifikireni kuno kunja, ku Barking, ndinkachita zomwezo. Vuto lake nyumba za kuno mkati mwake ndi mopanikizika, kopatukira kulibe. Apongozi akangotulukira, ine ndinkalowa kubafa. Chakudya ndinkadyera kuchipinda, chitseko chotseka.

M'mawa wa tsikulo mwana wanga anandikokera pambali.

"Ababa, mkazi wanga akudandaula. Akuti mumanyansidwa naye. Zikapitirira akuti akakhala kwa amayi ake mpaka inu mutabwerera kumudzi."

"Kunyansidwa? Iwe, ine ndikuwalemekeza."

"Anabadwira kuno, Ababa. Ndamufotokozera, akuti ndikungokuikirani kumbuyo. Lero tikupita kokayenda tonse. Chonde mukamulankhule."

Tinakwera sitima mpaka ku Paddington, kumene alendo amapita kukaona ngalande. Madzi ake ndi obiriwira, oima, opanda ngakhale ng'ona imodzi. M'mbali mwake muli maboti ataliatali momwe anthu amagonamo, maluwa atadzala padenga. Abakha onenepa akungoyendayenda, palibe wowathamangitsa. Ndinafunsa kuti mwini wake ndani, anthu onse n'kutembenuka. Amati ine ndimakuwa polankhula, koma ndi anthu a kuno amene amanong'ona.

Mwana wanga anabwereka kaboti ka injini, koyendetsa wekha. Nditayang'anamo ndinaona kuti kopatukira kulibe. Pakati tebulo, mipando yozungulira, mawondo n'kumagundana. Apongozi anali atayamba kale kutulutsa masangweji.

"Ndiyendetsa ndine," ndinatero. "Ndawolotsa anthu pa Shire iwe usanabadwe, pakati pa mvuu."

Ndinkati ndikakhala kumbuyo kuchiwongolero ndiye kuti ndathawa. Ndinaiwala kuti woyendetsa amayang'ana kutsogolo, ndipo kutsogoloko kunali apongozi, maso pa ine, sangweji ili m'manja akundipatsa. Ndinatembenuzira nkhope kumtunda. Bwato ine ndimalimva m'thupi, maso si ofunika kwenikweni.

"Asewere," anatero mayi a apongoziwo akuseka, "boti likupita uku, inu mukuyang'ana uko. Mwaona mbeta kumtundako?"

"Ndikuona malo, asewere. Si zimene tabwerera?"

Kaboti ka kuno kalibe mwambo ngati bwato. Kanakhota kokha, kukalowa m'nthambi za mtengo, n'kukagunda limodzi mwa maboti amaluwa aja. Chipewa changa chinagwera m'madzi. Ndinaimirira kuti ndichitole, kaboti n'kupendekera. Ndikupita chamutu, ndinamva dzanja landigwira lamba kumbuyo, kundikoka ngati mbuzi.

"Khalani pansi, Adadi."

Anali apongozi, m'Chichewa chawo chopindika, koyamba kuchimva. Ndinakhala. Maso ndinawaponya pa abakha.

M'boti lamaluwa munatuluka mzungu, kapu ya tiyi ili m'manja. Pamlatho wapafupi anthu anali atakweza mafoni. Apongozi analankhula Chingerezi chothamanga, kenaka anatola chikwama chawo.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti ngakhale akupulumutseni, inu mukonda bakha," anatero mwana wanga. "Akuti tiwatsitse."

Apo ndiye ndinalankhula, ndipo apamlatho anamva.

"Uwauze kuti munthu wachabechabe ine ndimamuyang'ana m'maso. Mzungu uyu ndikumuyang'ana. Iwe ndimakuyang'ana tsiku lililonse. Koma awa ndi mayi wa pakhomo pako. Munthu wamkulu ngati ine kuima m'bafa mpaka miyendo kuwawa, ungachitire munthu amene umanyansidwa naye?"

Mwana wanga sanamasulire n'komwe. Apongozi Chichewa amamva. Anayang'ana mayi awo. Asewere anali akupukuta misozi ya kuseka.

"Ndi zoona, mwanawe. Ine pothawa agogo ako ndinabisalapo kuseri kwa nkhokwe mvula ikugwa."

"Nanga osawauza bwanji, asewere?" ndinafunsa.

"Ndinkati zinatha kale zimenezo. Sindinadziwe kuti zikwera ndege."

Mzungu uja anavuula chipewa changa ndi ndodo yaitali. Kwathu ukafuna kumasukirana ndi apongozi umawapatsa kanthu, ndiye ndinachikung'untha n'kuwapatsa ndi manja awiri, ndikuwayang'ana. Aka kanali koyamba kuona bwino nkhope yawo. Mwana wanga anasankha, ndithu. Apongozi anachivala chonyowa chomwecho, chikwama n'kubwezera pansi, ndipo anandipatsanso sangweji ija. Inali yozizira, mkati muli masamba aawisi, koma ndinaidya yonse pamaso pawo. Pobwerera anayendetsa ndi iwo. Sanagunde kanthu, chifukwa ndinkawauza pokhota.

Tikudikira sitima yobwerera ku Barking, mwana wanga anaima pafupi nane.

"Ababa, sakupitanso kwa amayi ake. Akuti kuyambira mawa muzidyera patebulo, ndipo bafa mulisiyeko, enafe timafunanso kusamba."