Juzi yolekeza pamwamba pa mchombo

Inu a shopu ya zovala pa boma pa Mwanza, ija mumaimika zidole pakhomo, theka lina la juzi ya mwana wanga lili kuti?

Mwana wanga Tadala amaphunzira sukulu yogonera konko ku Dedza. Amene munafikako mu Juni mukudziwa, kumazizira mpaka mano kugundana. Chaka chatha anabwerako ndi chifuwa chotisowetsa mtendere. Ndiye Lachisanu ndinasiyira mnzanga manachesi anga pamsika wa Thambani, n'kukwera pikapu kukamugulira juzi. Yatsopano, osati ya pakaunjika.

Mtsikana wogulitsa ndinamupeza ali pa foni. Ananditsitsira juzi ya pinki yopindidwa m'pepala la pulasitiki, yooneka yokhuthala bwino. Ndimati nditsegule, akuti ayi amayi, muidetsa, mukatsegula mukagula. Ndinafunsa ngati ili yofunda. Akuti kwambiri, yachokera ku Tete, atsikana akulimbirana. Ndinalipira.

Kufika kunyumba, Tadala avale. Abale inu! Manja aatali mpaka kubisa zala, koma juziyo yolekeza pamwamba pa mchombo. Mimba pamtunda. Msana pamtunda. Mwini wake akudzitembenuza pagalasi, mano onse panja.

"Amayi, mwaidziwa bwanji? Ndi imene yatchuka panopa!"

Loweruka ndinabwerera nayo. Yankho la mtsikana uja? Katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Ndiye usatsegule usanagule, ukatsegula usabweze. Tizigula molota?

Mwini shopu anatuluka atavala jekete lofika m'mawondo.

"Amayi, ndi fashoni imeneyo. Ana a masiku ano samva kuzizira."

"Nanga inu achimwene, bwanji lanulo simunalidule pamimba?"

Anangoseka n'kubwerera mkati. Chifuwa cha mwana wanga chimadziwa fashoni?

Ndalama yogulira ina ndinalibe. Lamulungu Tadala anakwera basi atavala juzi yanga yakuda, yomwe ndimapita nayo kutchalitchi ndi kumaliro. Manja atawapinda kawiri, nkhope atatupitsa. Sananditsanzike n'komwe. Zinandipweteka, koma akafunda.

Amayi anzanga, muzitsegulitsa pepala ndalama ikadali m'manja mwanu. Akakana, tulukani. Ndipo mukandiona m'mamawa pamsika wa Thambani ndikuyala manachesi, nditavala juzi ya pinki ija, chitenje nditachikweza mpaka m'khwapa, musaseke. Akuti ndi fashoni.