Mphaka wa Malemu Akazi Anga

Malemu akazi anga anandisiyira mphaka, mlonda wa chimanga chathu. Mphakayo atayamba kusanza akangodya, ndinamuseka: "Mwamuna iwe, watenga mimba?" Tsiku lachitatu anakana ngakhale madzi, masanzi ali ndi magazi. Nthabwala zinandithera. Ndinamuika m'dengu n'kupalasa njinga kupita kwa dokotala wa ziweto kwa Wimbe, anthu akukuwa kuti ndayamba ufiti masanasana.

"Adokotala, ndapota nanu. Kupatula ine, wopuma m'nyumba mwanga ndi yekhayu."

"Amadyera pati, agogo?"

"M'chigubu chodula. Munali mankhwala opopera nazale ya fodya, koma ndinatsuka."

Adokotalawo anandikalipira ngati mwana, kuti mankhwalawo ndiwo amudwalitsa ndipo ndikanabwera dzana, kenako anamubaya mphakayo jakisoni. Lero mphakayo amadyera m'mbale ya malemu, ndipo sasanza.