Kochi ndi Mkamwini Wake

Kodi munthu angathe kuphunzitsa mnzake amene mwambo sumulola kumukalipira? Funsoli ndinayamba kudzifunsa pa bwalo la mpira la kwathu kwa Kalembo, ndipo mabuku amene ndawerenga chiyambire sanandiyankhe.

Amalume anga ankagwira ntchito ya njanji pa Nkaya, ndipo kwa zaka zambiri ankasewera kumbuyo mu timu ya ogwira ntchito anzawo. Bondo litayamba kuwavuta, anabwerera kumudzi n'kuyamba kuphunzitsa timu ya anyamata. Ine ndinali pa sukulu ya ukachenjede ku Zomba, koma pa tchuthi ndinkasewera nawo pakati. Masiku amenewo achinyamata a chipani ankaima polowera ku bwalo kufunsa makadi, ndipo amalume ankati khadi ndicho chinthu chokhacho chimene osewera awo sankaiwala.

Chida chawo chachikulu pophunzitsa chinali pakamwa. "Iwe, mwendo wamanzerewo unabwereka kwa yani? Kabweze!" Amene ankalandira mawu ochuluka anali wogoletsa zigoli wathu, telala wa pakhonde la sitolo. Anali ndi liwiro, koma akasiyidwa osakalipiridwa ankayenda m'bwalo ngati akusankha nsalu pamsika. Akakalipiridwa, ankagoletsa. Onse awiri ankadziwa zimenezi ndipo ankakondana nazo.

Kenako telalayo anakwatira mwana wamkazi wa amalume, n'kumanga nyumba pamudzi pa apongozi ake monga mwa chikamwini.

Tsiku loyamba lokonzekera mpira ukwati utatha, anabwera atavala buluku lalitali, poti sakanaonetsa ntchafu pamaso pa apongozi. Ananjuta chapatali n'kuomba m'manja. Amalume, amene sabata zitatu zapitazo ankamutcha kamba, anavula chipewa n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo?" Goloboyi wathu anaseka mpaka anagwira mtengo wa golo.

Amalume anayamba apeza njira iyi: uthenga uzidzera mwa ine. "Mphwanga, kawauze bambowo kuti ngati sikuwavuta, abwerereko kumbuyo pang'ono." Ndikamafika kwa telalayo, amene tsopano anali alamu anga, mpira unali utapita kale kwina. Njira yachiwiri inali yokalipira aliyense woima pafupi ndi mkamwiniyo. Mnyamata wosewera kumanzere anavutika nazo mwezi wathunthu.

"Koma akochi, ine mpirawo sindinaukhudze n'komwe!"

"Ndikudziwa! Ingomva, ena amvere pomwepo!"

Enawo ankamva ndithu, koma mawu odzera mwa munthu wina ankafika atazizira. Zigoli zinauma.

Tinapita kukasewera ndi timu ya kwa Mposa, titakwera lole ya wogula thonje. Chigawo chachiwiri chili mkati, iwo anali atatimwetsa chimodzi, ndipo alamu anga anaima pafupi ndi golo ya adani manja ali m'chiuno. Ndinaona amalume akuluma chipewa chawo. Anayang'ana kwa ine, n'kuona kuti ndili kutali. Basi anangophulika: "Iwe telala iwe! Thamanga, mbuzi ya munthu!"

Azimayi amene tinabwera nawo anagwira pakamwa. A kwa Mposa, posadziwa za ubalewo, anadabwa kuti tadzidzimuka ndi chiyani. Telalayo anathamanga monga ankachitira kale, ndipo anagoletsa ziwiri. Pobwerera tinaimba njira yonse, kochi ali kutsogolo ndi dalaivala, mkamwini ali kumbuyo kwenikweni kwa lole, aliyense akusekerera payekha.

Nkhani inafika kumudzi ife tisanatsike. Patapita masiku awiri, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango. Alamu anga anati, "Iyayi, ine sindinakhumudwe, amene anandikalipira ndi akochi, osati apongozi." Nkhoswe ya kwawo inayankha modekha kuti pakamwa panali pamodzi pomwepo. Amalume anapereka nkhuku yopepesera, ndipo aliyense anaseka, ngakhale ankhoswewo. Koma akuluakulu anamaliza ndi mawu akuti zimenezi zisadzachitikenso pagulu, ndipo amalume ankadziwa kuti lonjezo lotere sakanatha kulisunga ali m'mbali mwa bwalo.

Anasankha kusiya. Anati mwana wawo wapeza mwamuna wabwino, ndipo timu ikhoza kupeza kochi wina. Anabwera mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale, munthu waulemu wodziwa kujambula mizere pansi ndi kamtengo. Alamu anga anasewerabe zaka zingapo, bwino ndithu, koma osafika pamene ankafika kale.

Anthu awiriwa anakhala moyandikana mpaka amalume anamwalira, akupatsana moni wa ulemu m'mawa uliwonse. Pa wailesi pakamveka mpira, aliyense ankamvera pakhonde pake. Sindinawamvepo akukambirana za masewero ngakhale amodzi.