A Yesaya, Woyatsa Utsi wa Ndege

Bambo anga, a Yesaya, ali ndi zaka 83, ndipo mutu wawo wayamba kudontha ngati ndowa yakale. Dzulo anandifunsa kawiri ngati mbuzi ndazimasula, chonsecho mbuzizo tinagulitsa chaka chatha. Nkhani imodzi yokha ndiyo anali ataigwira zolimba, ya ndege, ndipo chomwe ankafuna asanamwalire n'chakuti wina aimve bwinobwino ndi kuisunga.

Kumunsi kwa mudzi wathu, cha ku Mbombwe, kuli malo athyathyathya omwe lero timalimapo nandolo. Kalelo linali bwalo la ndege la esiteti. Kandege kake kanali kamodzi, ka mipando iwiri, ndipo woyendetsa anali mzungu yemwe anthu anamutcha Bwana Chipewa chifukwa cha chisoti chake chachikopa. Bambo analembedwa ntchito pamenepo ali ndi zaka 19. Ankatchetcha udzu ndi kupirikitsa ziweto, koma ntchito yeniyeni inali utsi. Akangomva kulira kwa injini, ankayatsa moto n'kuunjikapo masamba aawisi kuti woyendetsa aone komwe mphepo ikulowera.

Masana ena a mu Julaye kunagwa chiperoni, nkhungu ija imameza phiri la Chiradzulu lonse. Ndege inkamveka ikuzungulira, ndipo kuzungulira kulikonse inkasendera kuphiri. Utsi m'nkhungu ndani angauone? Bambo anathamangira ku nyumba ya kapitawo, anatenga parafini osapempha, n'kuyatsa moto wamalawi pamalo atatu otsatana mumzere. Ndege inautsata motowo mpaka inatera bwinobwino, mzungu uja ndi namwino yemwe anamunyamula anatuluka amoyo. Nkhaniyi ine Elestina ndinaimva kambirimbiri ndikusenda chinangwa, ndipo ndivomere kuti inkangolowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Tsono mwezi wa Meyi kunabwera uthenga kudzera kutchalitchi woti kukubwera anthu ojambula mbiri ya oyendetsa ndege oyambirira a kumapiri kuno, ndipo akufuna munthu amene anaona ndi maso. Bambo sabata yonse ankangoyeserera. Jekete lawo ndinalichapa ndi kulisita, ndevu ndinawameta ndekha.

Alendowo anafika Lachisanu cha m'ma 11 koloko, anthu awiri: mayi wonyamula kamera wotchedwa Phoebe, ndi bambo wofunsa mafunso yemwe anati dzina lake ndi Luqman. Atangokhala pansi, a Luqman anati, "Agogo, tili ndi ola limodzi lokha. Tikufunikanso ku Mulanje lero lomwe."

Bambo anamwetulira ngati sanamve. Anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Elestina, gwira tambala wofiira uja."

"Ababa, anthuwa akuthamanga. Yambani mwafotokoza kaye."

"Iwe, mlendo wochokera kutali ndimuyambe ndi nkhani ali ndi njala? Anthu akamva adzati chiyani?"

Ndinamugwira tambalayo ndikunyinyirika. Nditatenga mpeni, bambo anandigwira dzanja.

"Wamva dzina la bambo uja? Ndi Msilamu ameneyo. Nkhuku yopha ife sangadye. Ikazingidwe kwa a Nasir."

Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Ife a Baptist tikakhala ndi ukwati kapena maliro, mbuzi amazinga ndi anzathu Achisilamu kuti aliyense adye momasuka. Sindikutsutsa mwambowo ayi. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinati ndipita ndine, iwo anakana. Akuti kupempha a Nasir, mnzawo wa kuubwana, n'kwa akuluakulu okhaokha. Ananyamuka ndi jekete lawo lositalo, tambala kukhwapa, ndodo kudzanja.

Anaiwala, ndipo nanenso ndinaiwala, kuti linali Lachisanu. A Nasir anali atapita kale kumzikiti. Munthu wina akanabwerera, koma bambo anga anakhala pansi pa mtengo wa mango panja pa mzikiti, kudikira kuti mapemphero athe.

Kunyumba kuno alendo anayamba kuyang'ana mawotchi. Mpamene anatulukira Mavuto, mlamu wanga, munthu wobadwa bwalo la ndege lili kale munda, koma pakamwa ngati wailesi. Anawapatsa moni m'Chingerezi, ndipo ndisanatsegule pakamwa anali atawatenga kupita kumunda wa nandolo. Ndinawatsatira ndikunena kuti, "Dikirani pang'ono, eni nkhani akubwera." Mayi Phoebe anandiyankha mwaulemu kuti ayambe ajambulako malowo. Malowo anajambuladi, Mavuto ataima pakati pake akutambasula manja.

Bambo anafika cha m'ma 1 koloko, thukuta lili kamukamu, tambala wozinga ali m'manja. Alendo, ola lawo lija litapitirira kale, anali akulongedza katundu m'galimoto. A Luqman anawagwira chanza ndi manja awiri, anapepesa kwambiri, ndipo anati adzabweranso. Bambo anawapatsa tambalayo kuti akadye kutsogolo. Galimoto itapita anandifunsa kuti, "Kodi madzi akumwa unawapatsa?" Ndinalowa m'nyumba kuti ndisawalankhule mawu oipa.

Patatha miyezi itatu, kanemayo anafika pafoni ya Mavuto, ndipo anabwera naye akunyadira. Tinaonera titakhala pakhonde. Munali zithunzi zakale za azungu ndi ndege zawo, mayina awo onse olembedwa bwino. Kenako Mavuto, akufotokoza kuti ndege zinkatera kuchokera kuphiri ndipo anthu a m'mudzi ankathawira m'nkhokwe. Chakumapeto, kamera ikujambula msewu, kunadutsa nkhalamba ya jekete itanyamula nkhuku. Sinatchulidwe dzina.

Ine magazi anawira. Mavuto ndinamuuza zonse zomwe ndinasunga miyezi itatu, mpaka anachoka osatsanzika. Bambo sanakwiye ndi zoti dzina lawo mulibe. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Kuchokera kuphiri? Akanatera choncho bwenzi atafa onse."

Alendo aja sanabwerenso. Sabata yatha ndinaganiza kuti ndangokhalira kudzudzula ena, chonsecho foni yojambula nanenso ndili nayo. Ndinawaveka bambo jekete lija, ndinawatengera kumunda wa nandolo m'mawa dzuwa lisanawawe, n'kuwalozetsa foni.

Anayamba bwino kwambiri. Anafotokoza za nkhungu, za kulira kwa injini, za parafini wa kapitawo. Analoza ndi ndodo pomwe panali moto woyamba, pafupi ndi chulu. Anayenda pang'ono n'kuloza pachiwiri. Kenako anaima, ndodo ili m'mwamba. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere.

"Elestina," anatero motsitsa mawu, "wachitatu uja ndinayatsa pati? Paja ndinkakuuza iwe."

Ankandiuzadi, mwina kokwana zana. Ndinayang'ana nandolo yense uja, foni ikujambulabe, ndipo ndinalibe poloza.